Khonsolo ya anthu 9,000 imene yasenza phiri la Everest

Kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Nepal, m'boma la Solukhumbu lomwe lili m'chigawo cha Koshi, kuli khonsolo ya kumudzi yotchedwa Khumbu Pasanglhamu. Kalembera amaonetsa kuti kumeneko kumakhala anthu pafupifupi 9,000. Malo ake ndi masikweya kilomita 1,539, kutanthauza kuti pa sikweya kilomita iliyonse pamagwera anthu 6 okha. Koma m'malire a khonsolo yomweyi muli mbali ya kummwera ya Everest, phiri lalitali kuposa onse padziko lapansi, ndipo chaka chikayenda bwino kumafika alendo akunja oposa 50,000. Mlendo aliyense amabwera ndi wom'londolera njira, wom'nyamulira katundu, chakudya cha m'zitini ndi mabotolo a madzi, ndipo zonsezi zimadutsa m'tinjira tomwe ana a m'mudzi amayendamo popita kusukulu.

Nkhani ya khonsoloyi yagona pamenepa. Boma likamagawa antchito ndi ndalama limayang'ana kwambiri chiwerengero cha anthu okhazikika, pamene katundu wolemetsa dera la Khumbu sachokera kwa anthu 9,000 ajawo. Amachokera kwa alendo, kwa anthu obwera kudzasaka ganyu, ndiponso ku madzi oundana amene akusungunuka pamwamba pa midzi. Udindo wosesa, wopulumutsa ndi womanganso uli m'manja mwa eni dera, koma makiyi a ndalama zazikulu za phiri ali ku Kathmandu, likulu la dzikolo.

Dera loimirira

Ku Khumbu mtunda umayezedwa chokwera. Midzi ya kumunsi ngati Kharikhola ili pa mamita ongopitirira 2,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Everest ili pa mamita 8,848.86, muyezo umene Nepal ndi China analengeza limodzi mu Disembala 2020. Lukla, pomwe pali bwalo la ndege, ili pa mamita pafupifupi 2,850. Namche, tawuni yaing'ono ya malonda yomangidwa mokhotakhota m'mbali mwa phiri, ili pa mamita 3,440. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye kuti mwana wa ku Namche amagona ndi kudzuka pamalo okwera kuposa Sapitwa ndi mamita oposa 400, ndipo kwa iye kumeneko n'kunyumba chabe. Midzi ya Khumjung ndi Khunde ili chapamwamba pa Namche, pa mamita pafupifupi 3,800. Kupatula Everest, m'derali muli Lhotse wa mamita 8,516 ndi Cho Oyu wa mamita 8,188, onse ali pamalire ndi Tibet, dera lolamulidwa ndi China.

M'zigwa za pakati pa mapiriwa mwagona mitsinje ya madzi oundana, yoyenda pang'onopang'ono chotsika. Wautali kwambiri ndi Ngozumpa, wa makilomita pafupifupi 36, ndipo wina wotchedwa Khumbu ndi umene okwera Everest amamangapo misasa yawo. Madzi osungunuka kumeneko amabala mitsinje ya Bhote Koshi, Imja Khola ndi Dudh Koshi, yomwe imakumana kufupi ndi Namche n'kutsika limodzi m'chigwembe chimodzi chakuya. Njira ya anthu nayonso imatsata chigwembe chomwecho, kuwoloka uku ndi uku pa milatho yolenjekeka ya zingwe zachitsulo. Mlatho umodzi ukaduka, midzi yonse ya kumtunda yatsekeredwa.

Ku Namche sikufika galimoto. Kuchoka ku Lukla kukafika kumeneko mlendo amayenda masiku awiri, ndipo kuti akafike pamsasa wa m'munsi mwa Everest, pa mamita oposa 5,300, amatha sabata ndi masiku ena, chifukwa thupi limafuna kuzolowera mpweya wochepa. Pamsasapo munthu akapuma kamodzi amakoka pafupifupi theka la okosijeni amene angakoke ali kunyanja yamchere. Wofulumira amadwala mutu, kusanza, ndipo ena mapapo kapena ubongo zimadzadza madzi. Zimenezi zimakhudza ngakhale ntchito wamba za boma. Thumba la simenti lomangira chipinda cha sukulu ku Pangboche limayenda pandege kapena pa nyulu, kenako pamsana pa munthu kapena pa ng'ombe zaubweya zotchedwa yak, ndipo pofika limakhala litakwera mtengo kangapo. Mphunzitsi kapena namwino wotumizidwa kuchokera kuchigwa chotentha cha kummwera kwa Nepal amayamba walimbana ndi thupi lake asanayambe ntchito.

Ulimi umatsatanso kukwera kwa malo. Kumunsi, cha ku Chaurikharka ndi Kharikhola, amalima chimanga, mawere, tirigu ndi ndiwo zamasamba. Kumtunda nyengo yolima ndi yaifupi, ndipo mbewu yodalirika ndi mbatatesi, pamodzi ndi barele wa ku Dingboche amene amacha pa mamita oposa 4,000. Mvula imagwa kuyambira Juni mpaka Seputembala. Alendo amachuluka kawiri pachaka, Malichi mpaka Meyi ndi Okutobala mpaka Novembala, moti mabanja ambiri amapeza ndalama za chaka chonse m'miyezi isanu yokha.

Eni dera

Ambiri mwa okhazikika ku Khumbu ndi anthu a mtundu wa Sherpa. Makolo awo anachokera kum'mawa kwa Tibet zaka pafupifupi 500 zapitazo, n'kulowa kudzera pampata wa Nangpa La, wokwera mamita oposa 5,700. Chipembedzo chawo ndi Chibuda cha ku Tibet. Nyumba ya amonke yotchuka ya Tengboche inamangidwa mu 1916, inagwa ndi chivomezi mu 1934, inapsa ndi moto mu 1989, ndipo nthawi zonse ziwiri anthu anaimanganso. Kwa iwo chigwa cha Khumbu ndi malo opatulika obisika, kumene kupha nyama n'kosaloledwa, ndipo phiri la Khumbila lomwe lili pamwamba pa Khumjung silikweredwa chifukwa ndi pokhala mtetezi wa dera.

Kale moyo wawo unkadalira zinthu zitatu: ziweto, munda ndi malonda. Ankakwera ndi yak kupita ku Tibet kukatenga mchere ndi ubweya, n'kutsika nazo kukasinthanitsa ndi mbewu za kuchigwa. Mbatatesi itafika m'zaka za m'ma 1800 chakudya chinachuluka ndipo midzi inakula. Kenako zinthu ziwiri zinachitika moyandikana. Pa 29 Meyi 1953, Edmund Hillary wa ku New Zealand ndi Tenzing Norgay, amene anakulira ku Thame m'dera lomweli, anafika pansonga ya Everest. Ndipo m'zaka zozungulira 1959, China italimbitsa ulamuliro wake ku Tibet, malonda a pa Nangpa La anafooka kwambiri. Khomo limodzi likutsekeka, lina linali likutseguka, ndipo amuna amene ankasenza mchere anayamba kusenza zingwe ndi mabotolo a okosijeni.

Ntchito zambiri zimene timati ndi za boma, ku Khumbu zinayamba popanda boma. Sukulu ya Khumjung inatsegulidwa mu 1961 ndi thandizo la Hillary ndi bungwe lake la Himalayan Trust. Chipatala cha Khunde chinatsegulidwa mu 1966, ndipo chinathandiza kuthetsa nthenda ya chithokomiro yobwera chifukwa chosowa ayodini. Bwalo la ndege la Lukla linakonzedwa mu 1964 pofuna kufupikitsa ulendo wa zipangizo zomangira, koma ndi lomweli limene linasanduka khomo la alendo. Msewu wake wa ndege ndi wamamita 527 okha, wopendekeka, phompho kutsogolo, phiri kumbuyo. Magetsi a ku Namche ndi midzi yozungulira amachokera ku makina a madzi a kufupi ndi Thame, omangidwa ndi thandizo la dziko la Austria. Mbiri imeneyi inasiya anthu ozolowera kudzichitira okha zinthu pamodzi ndi abwenzi akunja, osayembekeza kwambiri za ku likulu.

Kuchoka kwa nawa kufika ku wodi

Boma la masiku ano lisanafike, midzi ya Asherpa inali ndi ulamuliro wakewake. Chaka ndi chaka mudzi unkasankha anthu otchedwa nawa. Ena mwa iwo ankayang'anira nkhalango: ndani wadula mtengo wauwisi, ndani watola nkhuni pamalo oletsedwa. Ena ankalengeza tsiku loti ziweto zonse zichoke m'mudzi kupita kumabusa a kumtunda kuti zisadye mbewu, ndi tsiku loti zibwerere. Wolakwa ankalipa chindapusa pamaso pa anthu, nthawi zambiri mowa wamasese wa kumeneko. Dongosololi linali ndi mano chifukwa wolanga ndi wolangidwa anali anansi, ndipo chaka chamawa udindo unkatha kugwera winayo.

Mu 1957 boma la Nepal linalanda nkhalango zonse kuti zikhale za dziko. Mu 1976 linakhazikitsa paki ya Sagarmatha (dzina la Everest m'chilankhulo cha ku Nepal), ya masikweya kilomita 1,148, ndipo mu 1979 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Midzi inakhalabe mkati, koma mphamvu pa mitengo, msipu ndi miyala inapita kwa woyang'anira paki wotumizidwa kuchokera ku Kathmandu, wothandizidwa ndi asilikali. Paki inathandizadi kuti mitengo isathere kuwotcha madzi osamba alendo, zimenezo sitingakane. Komabe inaphunzitsa anthu kuti nkhalango ya makolo awo tsopano ili ndi mwini wina. Mu 2002 anawonjezera lamba wozungulira paki, momwe anthu amalandira gawo la ndalama za pachipata kudzera m'makomiti awo.

Chaka chomwecho cha 2002, nkhondo yapachiweniweni ya boma ndi zigawenga zachikomyunizimu zotsatira mfundo za Mao ili mkati, nthawi ya makhansala osankhidwa mu 1997 inatha ndipo chisankho china sichinachitike. Kwa zaka 15 midzi yonse ya Nepal inayendetsedwa ndi alembi a boma amene anthu sanawavotere. Malamulo atsopano oyendetsera dziko a mu 2015 ndi amene anasintha zinthu. Anagawa ulamuliro patatu: boma lalikulu, zigawo 7, ndi makhonsolo 753, mwa iwo 460 ndi a kumudzi. Chachikulu n'chakuti mphamvu za khonsolo zinalembedwa m'malamulo aakuluwo, osati kungobwerekedwa ndi nduna imene ingathe kuzilandanso mawa. Pamndandandawo pali maphunziro a pulayimale ndi sekondale, zaumoyo zoyambirira ndi ukhondo, misewu ya m'dera, madzi akumwa, magetsi ang'onoang'ono a madzi, kuthana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi misonkho ya m'dera kuphatikizapo ya zokopa alendo.

Khumbu Pasanglhamu inabadwa mu Malichi 2017 pophatikiza madera akale a Khumjung, Namche, Chaurikharka ndi mbali ina ya Jubing. Inapatsidwa dzina la Pasang Lhamu Sherpa, mwana wa m'dera la Lukla, mayi woyamba wa ku Nepal kufika pansonga ya Everest pa 22 Epulo 1993, amene anamwalira akutsika. Likulu lake lili ku Chaurikharka, kufupi ndi Lukla, ndipo khonsoloyi ili ndi mawodi 5. Everest ali mu wodi 4, ya Khumjung. Namche ndi Thame zili mu wodi 5.

Anthu amavotera mwachindunji wapampando ndi wachiwiri wake, ndipo chipani choimika anthu pa mipando yonse iwiri chimayenera kuikapo mayi pa umodzi. Pa chisankho cha mu Meyi 2022 anapambana ndi a Mingma Chhiri Sherpa, ndipo wachiwiri wawo ndi mayi, a Tashi Lhamu Sherpa. Wodi iliyonse imasankha wapampando wake ndi mamembala anayi. Awiri ayenera kukhala amayi, ndipo mmodzi mwa amayiwo akhale wa gulu la Dalit, anthu amene mwambo wakale wosiyanitsa anthu pobadwa unkawaika pansi pa onse. Onsewa akakhala pamodzi amapanga msonkhano wa khonsolo, umene umavomereza bajeti ndi kupanga malamulo a m'dera. Wachiwiri kwa wapampando amatsogoleranso komiti ya anthu atatu yoweruza milandu ing'onoing'ono, monga ya malire a minda, malipiro a antchito ndi ziweto zolowa m'munda mwa wina. Kwa munthu wa ku Thame, amene khoti lake la boma lili ku Salleri, likulu la boma la Solukhumbu, ulendo wa masiku angapo, komiti imeneyi si nkhani yaing'ono. Koma mkulu woyendetsa ofesi ya khonsolo tsiku ndi tsiku, amene amasayina ndalama, amatumizidwa ndi boma lalikulu ndipo amatha kusamutsidwa nthawi iliyonse.

Ndalama za phiri zimadutsa kuti

Munthu wakunja wofuna kukwera Everest amagula chilolezo ku dipatimenti ya zokopa alendo ku Kathmandu. Kwa zaka zambiri mtengo wake pa nyengo yaikulu unali madola 11,000 a ku America, ndipo kuyambira Seputembala 2025 unafika madola 15,000. Mu 2023 boma linapereka zilolezo zoposa 470, ndalama zoyandikira madola 5 miliyoni pa phiri limodzi m'nyengo imodzi. Lamulo la mu 2017 logawa ndalama pakati pa maboma limati theka la ndalama zoterezi likhale la boma lalikulu, 25 pa 100 lipite kuchigawo, ndipo 25 pa 100 ligawidwe kwa makhonsolo okhudzidwa. Gawolo limafika litazungulira ku likulu. Khonsolo ilibe mawu pa chiwerengero cha zilolezo, ngakhale kuti munthu aliyense wowonjezera ndi zinyalala zowonjezera pa nthaka yake.

N'chifukwa chake, itangokhazikika, khonsoloyi inachita chinthu chimene chinadabwitsa makampani a zokopa alendo. Inaika msonkho wakewake wa marupi 2,000 (ndalama za ku Nepal) pa mlendo aliyense wakunja wolowa m'derali, wolipiridwa pomwepo ku Lukla kapena ku Monjo, pachipata cha paki, ndipo inaleka kufunsa khadi la oyenda m'mapiri lotchedwa TIMS, limene ndalama zake zinkatsalira ku Kathmandu. Pambuyo pake msonkhowo unakwera kufika marupi 3,000. Tikawerengera mwachidule pa mtengo woyambawo, alendo 50,000 ndi marupi 100 miliyoni pachaka, ndalama zimene khonsolo ya anthu 9,000 singazipeze pa msonkho wa nyumba ndi minda ya mbatatesi. Ine ndimaona kuti anachita bwino. Amene amakonza mlatho ndiye woyenera kulandira ya pamlatho, ndipo wolandirayo akakhala munthu amene umakumana naye pamsika wa Loweruka ku Namche, n'kosavuta kumufunsa kumene ndalama zapita.

Kukokana sikunathere pomwepo. Mu Epulo 2023 bungwe la boma loona zokopa alendo linalamula kuti mlendo asayende yekha m'mapiri popanda wom'londolera wolembedwa ntchito kudzera ku kampani. Khonsolo ya Khumbu inakana kutsatira lamuloli m'dera lake. Chifukwa chake n'chomveka: mlendo woyenda yekha amagona ndi kudya m'nyumba za alendo za eni dera, n'kulemba ganyu munthu wa pomwepo, pamene wobwera ndi kampani amakhala atalipiriratu zambiri mumzinda. Kumayambiriro kwa 2025 mkangano unasamukira mumlengalenga. Akuluakulu a paki, khonsolo ndi magulu a achinyamata anafuna kuletsa mahelikoputa ongoyendetsa alendo kukaona mapiri, ponena kuti phokoso likusokoneza nyama ndi anthu, ndiponso kuti mlendo wouluka sasiya kanthu m'midzi imene waidumpha. Bungwe loyang'anira za ndege linayankha kuti mlengalenga ndi wa boma lalikulu. Makampani anaimika maulendo kwa kanthawi, kenako anayambiranso atakambirana. Apa mpamene malire a mphamvu za khonsolo anaonekera poyera. Ndipo nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri ngakhale pakati pa eni dera, popeza helikoputa yomweyo ndi imene imanyamula mayi wovutika pobereka kapena wonyamula katundu amene mapapo adzadza madzi.

Pa zinyalala khonsolo imayenda limodzi ndi bungwe la eni dera la Sagarmatha Pollution Control Committee, lokhazikitsidwa mu 1991, lomwenso limalemba ntchito akatswiri oika makwerero ndi zingwe pamalo oopsa a madzi oundana pamwamba pa msasa. Kuyambira Januwale 2020 khonsolo inaletsa mapulasitiki opyapyala ogwiritsa ntchito kamodzi. Mu 2024 inalamula kuti okwera Everest ndi Lhotse azinyamula timatumba tapadera tochitiramo chimbudzi n'kutsika nato, chifukwa pamalo ozizira chonchi chimbudzi sichiwola, ndipo madzi a pamwambapo ndi amene amatsikira kumidzi. Lamulo lotere silikanachokera kwa munthu wokhala mu ofesi kutali. Linachokera kwa anthu amene amamwa madziwo.

Nyanja zimene kale kunalibe

Pa 4 Ogasiti 1985 chigumukire cha madzi oundana chinagwera m'nyanja yaing'ono ya Dig Tsho, kumtunda kwa Thame. Khoma la miyala ndi dothi lotchinga nyanjayo linang'ambika, ndipo madzi anasesa malo opangira magetsi amene anali pafupi kutha kumangidwa, milatho 14, nyumba ndi minda. Nyanja zoterezi zimabadwa pamene mtsinje wa madzi oundana ukubwerera m'mbuyo chifukwa cha kutentha, n'kusiya dzenje lotchingidwa ndi mulu wa miyala umene mkati mwake nthawi zina mumakhala madzi oundana. Amkatiwo akasungunuka, khoma limafooka.

Nyanja ya Imja, pamwamba pa Dingboche, m'zaka za m'ma 1960 inali timadziwe tochepa. Lero ndi yoposa sikweya kilomita imodzi ndipo ndi yakuya mamita pafupifupi 150. Mu 2016 asilikali a Nepal, mothandizidwa ndi bungwe la UNDP, anakumba ngalande n'kutsitsa madzi ake ndi mamita 3.4. Maso a akatswiri anali pa Imja, koma tsoka linadzera kwina. Pa 16 Ogasiti 2024 tinyanja tating'ono ta kumtunda kwa Thame tinaphulika, ndipo matope ndi miyala zinadutsa pakati pa mudzi, kuwononga nyumba pafupifupi 20, sukulu ndi chipatala chaching'ono. Palibe amene anafa, makamaka chifukwa kunali masana ndipo anthu anathawa. Thame ndi kwawo kwa Apa Sherpa, amene anakwera Everest ka 21, ndi Kami Rita Sherpa, amene mu Meyi 2025 anafika pansonga ka 31. Mudzi umene wapereka amuna ambiri chonchi ku ntchito ya phiri unasesedwa ndi kutentha kwa dziko kumene anthu ake sanakuyambitse. Malamulo amati ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi udindo wa khonsolo, ndipo n'zoona kuti oyamba kufika ndi a wodi. Koma kuyeza nyanja zambirimbiri za pa mamita 5,000, kuika zida zochenjeza ndi kusamutsa mudzi si ntchito yotheka ndi msonkho wa pachipata.

Amene kalembera sawaona

Chiwerengero cha 9,000 chimabisa zinthu ziwiri zoyenda mosiyana. Choyamba, eni dera ambiri akuchoka. Banja limene lapeza bwino ndi nyumba ya alendo limatumiza ana kusukulu ku Kathmandu, limagula nyumba cha ku Boudha mumzindamo, ndipo m'nyengo yozizira limatsikira komweko. Ena afika mpaka ku New York, kumene kuli Asherpa ambiri m'dera la Queens. Makolo amene anaona ngozi ya pa 18 Epulo 2014, pamene chigumukire chinapha antchito 16 a ku Nepal pamwamba pa msasa ndipo boma linayamba ndi kupereka chipepeso cha marupi 40,000 pa banja, safuna kuti ana awo alowe ntchito imeneyo. Chaka chotsatira, chivomezi cha pa 25 Epulo 2015 chinagwetsera chigumukire china pamsasa penipeni n'kupha anthu osachepera 18. Ndani angamudzudzule kholo lofuna kuti mwana wake akhale dokotala kapena woyendetsa ndege? Koma zotsatira zake n'zakuti chilankhulo cha Chisherpa chikuchepa m'kamwa mwa ana, minda ina ikulimidwa ndi aganyu, ndipo mabanja oti alandire udindo wokonza chikondwerero cha Dumji kapena wa nawa akucheperachepera.

Chachiwiri, anthu ena akubwera. A mitundu ya Rai, Tamang, Magar ndi Chhetri ochokera kumapiri a kumunsi ndi amene lero amasenza katundu wambiri, kuphika, kusema miyala ndi kuyendetsa nyulu. Ena abwereka nyumba za alendo kwa eni ake amene ali mumzinda. Wonyamula katundu wa malonda amalipidwa pa kilogalamu, choncho amasenza mopyola muyezo, mabokosi a zakumwa kapena matabwa, lamba ali pamphumi. Amagona m'tinyumba tapadera kuseri kwa nyumba za alendo, ndipo akadwala matenda a kumtunda amachedwa kunena poopa kutaya ganyu. Ambiri mwa anthuwa mayina awo ali m'kaundula wa voti wa kwawo, osati ku Khumbu. Amamwa madzi a khonsolo, amadwalira m'zipatala zake, ana a ena amaphunzira m'sukulu zake, koma pa tsiku la chisankho alibe mawu.

Apa mpamene ndimaona kuti khonsolo ili ndi mayeso ake enieni. Mfundo imene imanena kwa Kathmandu, yoti wosenza katundu ndiye ayenera kumvedwa, ikuikhudzanso iyo yomwe. Ovota ake ambiri a mawu amphamvu ndi eni nyumba za alendo ndi eni makampani a maulendo, ndipo malire a kulemera kwa katundu kapena malo abwino ogona onyamula katundu ndi ndalama zotuluka m'thumba mwa ovota omwewo. Palinso kusiyana pakati pa midzi: imene ili panjira yaikulu ya ku Everest yalemera, pamene ina ya m'mbali ndi ya kumunsi mu wodi 1 imangoona ndege zikudutsa pamwamba. Msonkho wa pachipata ungathe kufupikitsa mpata umenewu ngati bajeti itakondera dala amene ali kutali ndi njira.

Funso limene lili pakhomo tsopano ndi la msewu. Msewu wafumbi ukukwera pang'onopang'ono kuchokera ku Salleri kulowera ku Lukla. Ukafika, mpunga, gasi wophikira ndi simenti zidzatsika mtengo, ndipo wodwala sadzadikira kuti mitambo ichoke pabwalo la ndege. Eni nyulu ndi onyamula katundu a kumunsi adzataya gawo la ntchito yawo, midzi ina imene alendo ankagonamo idzadutsidwa ndi galimoto, ndipo alendo adzatha kuchuluka kuposa momwe mipando ya ndege zing'onozing'ono imalolera lero. Kumene msewuwo ukathere, ndiponso ngati uloledwe kuyandikira chipata cha paki ku Monjo, ndi nkhani imene khonsolo, chigawo cha Koshi ndi akuluakulu a paki onse ali ndi dzanja. Chisankho china cha makhonsolo chikuyembekezeka mu 2027, ndipo ambiri mwa anthu amene ntchito yawo idzasinthe chifukwa cha msewuwo adzakavotera kwawo, kunja kwa Khumbu.